Fetereza pa Duwa la Jamali

Anthuni, sabata imeneyo Ramla sankakhazikika, ngati wakhalira linthumbu kkkk. Akati akhale pamkeka, wadzuka. Akati akazinge anyezi, wasiya poto pamoto wathamangira kumbali kwa nyumba. Mayi ake, a Kulusumu, mpaka anamufunsa ngati kumeneko kwabisala munthu. Koma kunalibe munthu ayi. Kunali kamtengo ka maluwa kofika m'bondo, kotchingidwa ndi minga kuti mbuzi zisakadye, ndipo ukwati wonse wa Ramla unali pa kamtengo kameneko.

Paja Jamali, chibwenzi chake, ndi mnyamata wa ku Liwonde amene amabzala maluwa m'machubu kufupi ndi baraji, pa mlatho wa Shire, n'kumagulitsa kwa anthu odutsa pagalimoto. Anadziwana tsiku limene minibasi yomwe Jamali anakwera inafera pa Phalula, pomwe Ramla amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anthu onse anatsika akufuna madzi akumwa, koma iye anabwera kudzapempha madzi oti amwetse mbande zake zomwe zinkafota m'buti, iye mwini milomo itauma gwa. Ramla anaseka mpaka tomato wina kugubuduzikira mumsewu. Nde anamupatsa chigubu, mnyamata pobweza chigubucho anapemphanso nambala. Kupempha kawiri tsiku limodzi, manyazi analibe mwana wa eni kkkk.

Vuto linali Che Sabiti, atsibweni ake a Ramla, eni mbumba. Iwowa mtima wawo unali pa Sidik, mnyamata wa m'mudzi momwemo amene ali ku Joni, yemwe anawatumizira jekete yachikopa imene amavala olo dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limene Jamali anabwera kudzaonekera, atanyamula mbande ya haibisikasi ngati mphatso, Che Sabiti anamufunsa ntchito yake, atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anamufunsa ngati maluwawo amadyera mchere kapena shuga. Kenako analoza pamalo ena ouma kumbali kwa nyumba, pomwe olo chisoso sichimera.

"Bzalani apo. Likachita duwa mvula isanagwe, mubwere ndi ankhoswe anu. Mvula ikayamba kugwa ngakhale mtengo wa mpanda umaphuka, nde zimenezo sitiwerenga. Ndipo pakati apa ndisakuoneni pano. Mkamwini sazolowera khonde asanalandiridwe."

Jamali anavula nsapato, anapempha khasu, anakumba dzenje, anasakaniza dothi ndi manyowa a mbuzi owola, n'kubzala ndi manja ake anthu akuonerera. Pochoka anangonong'oneza Ramla kuti duwa lake ndi lofiira, lalikulu ngati chikhatho, ndipo mtengowo suyoyola masamba chaka chonse.

*

Nde chibwenzi chinasanduka sukulu ya ulimi. M'mawa uliwonse foni ya Ramla inkalira dzuwa lisanatuluke. Thirira tsopano kusanatenthe. Usathire madzi a sopo. Ika udzu pansi kuti chinyezi chisathawe. Waona chiswe, waza phulusa. Madzi a pamjigo wa kwawo ndi amchere, nde Ramla ankasunga madzi otsukira mpunga, nthawi zina kukatunga kumjigo wakutali uko kuseri kwa sukulu, ndowa pamutu, anzake akumunena kuti wabereka mwana wamasamba.

Tsiku lina anatopa nazo anamulembera.

"Iwe Jamali, ukumayamba kufunsa duwa kenako ine. Ukwatira uti kodi?"

"Ndikwatira wothirira."

"Nde ukwatire ndowa."

"Ndowa ilibe kadzino kakoko."

Ramla anagubuduzika pamkeka foni ili pachifuwa, mayi ake akungomuyang'ana ndi diso lammbali kkkk.

Kamtengo kanagwira. Masamba anabwera obiriwira, onyezimira ngati awapaka mafuta, kenako kunsonga kunatuluka timitu ta maluwa, ting'onoting'ono, totsekeka. Koma timituto tinkakula pang'onopang'ono moti Ramla ankatiyeza ndi chikhadabo m'mawa, masana n'kudzatiyezanso, osaona kusintha. Pomwe kumwamba zinthu zinali kuthamanga. Mitambo inayamba kuunjikana cha kumapiri a ku Neno, madzulo kukumveka kugunda patali, nyerere zikusamutsa mazira. Che Sabiti anayamba chizolowezi choipa. Ankabwera pakhomo atavala jekete yawo, kuima pafupi ndi minga ija, kuyang'ana kamtengo, kuyang'ana kumwamba, n'kununkhiza mphepo mokweza. Amati mvula ikununkha, ndipo Sidik wanena kuti Disembala akubwera pagalimoto yakeyake.

Ramla akamuuza Jamali, yankho linali limodzimodzi, loti afatse, duwa silikakamizidwa. Kufatsa? Mitambo ikufatsa?

*

M'chipinda cha mayi ake munali thumba la fetereza wa yureya, lodikira chimanga cha chaka chino. Ramla anakulira m'munda, amadziwa zomwe fetereza amachita. Ukathira kachitsekero ka botolo kamodzi paphando, masiku ochepa chimanga chija chada bii, chikukula ngati chikuthamangitsidwa. Nde mutu wake unawerengera chonchi, ngati kachitsekero kamatero ndi chimanga, nanga kapu yathunthu ingatani ndi kamtengo kamodzi? Simawa lomwe maluwa mbwee?

Anadikira mayi ake apite kumsika. Anatapa kapu ya tiyi yodzadza, anatenga kamtengo kosongoka n'kuboola mabowo m'mbali mwenimweni mwa tsinde ngati mmene amachitira ndi chimanga, anathira yense, anakwirira. Dzuwa lili paliwombo. Madzi anathira ochepa chifukwa tsiku limenelo kumjigo kunali mzere wofika kumsewu. Anasasa m'manja akumwetulira yekha, mumtima akuti Jamali adzadabwa, adzadziwa kuti nafenso a ku Phalula ulimi timautha.

Anadabwadi munthu, koma sanali Jamali.

Kutacha masamba anali atazyolika. Ramla anati mwina ndi tulo. Tsiku linalo m'mbali mwa masamba munapsa, mwofiirira ngati fodya wa pachigafa. Tsiku lachitatu timitu ta maluwa tija anatipeza pansi. Anatitola, anatiyang'ana m'manja, anayesa kubwezera kamodzi pansonga pake ngati kangamatirire. Anthuni mwana analira, koma kulira kosatulutsa mawu, poopa atsibweni.

Che Sabiti atafika madzulo anaona masamba opsawo. Anangoyamba kuimba kanyimbo kapansipansi akupita kumzikiti.

Jamali anapempha chithunzi. Ramla anatumiza chakale.

"Nkhuku iyi yaima pomwepo kuyambira sabata yatha?"

Ramla anayankha kuti nkhukuyo imapakonda pamenepo, kenako anati kamera yavuta, kenako anati netiweki, kenako anazimitsa foni n'kuyiika pansi pa pilo ngati ikuluma. Chakudya sichinalowe. Anayenda kuchoka kukhitchini kupita pamsewu, kuchoka pamsewu kubwerera kukhitchini. Kasitomala wina anagula tomato wa mulu umodzi, iye anamuikira milu itatu osazindikira. Pomaliza anaganiza kuti nkhani ngati iyi siyapafoni. Apite ku Liwonde akanene pamaso, akakalipiridwe, zithe.

*

Kwa mayi ake ananama kuti akukaoda nsomba zouma. Ulendo wonse, Chingeni, Balaka, mpaka kuona mtsinje wa Shire, ankayeserera mawu mumtima. Jamali ndalakwitsa. Iyayi, Jamali usakwiye. Iyayi, Jamali mbuzi. Ayi mbuzi zisalowepo, mbuzi sizithira fetereza.

Atafika pamalo pomwe Jamali amagulitsira, pansi pa mthunzi wa udzu, machubu ali ndandanda, mwini wake kunalibe. Pampando wake panakhala mtsikana, miyendo atapiringiza, kumutu atavala kapusi imene Ramla ankaidziwa bwino chifukwa ndi iye amene anamugulira Jamali. Uyu anali Jane, amene amagulitsa mbande za bambo ake pafupi pomwepo. Ramla anamvapo dzina lake kangapo m'nkhani za Jamali, ndipo nthawi zonse dzinalo linkamuyabwa.

Jane anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumasilipasi, n'kumwetulira. Anati Jay wapita ku Zomba kukasiya maluwa, abwera mochedwa, ndipo akachoka amasiyira iyeyo chilichonse. Jay. Ramla anamva kutentha m'makutu. Dzina labwinobwino la Chisilamu munthu n'kulidula mchira ngati galu.

Ankafuna atembenuke azipita, koma Jane anamugwira dzanja, achemwali khalani pansi, mwachokera kutali, imwani madzi. Anati nkhani ya duwa la ku Phalula akuidziwa, Jay sagona nayo tulo. Nde likuyenda bwanji? Funso limenelo linangotsegula mpopi. Ramla, amene anabwera atalimba mtima kuti mkazi ameneyu asamuone mano, anapezeka akufotokoza zonse, kapu ya tiyi, mabowo, timitu togwa, mamina ali chuchuchu.

Jane anagwira pakamwa. Anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Achemwali, musamuuze. Ine ndimakhala naye tsiku lonse, ndimamudziwa. Mbande imene ija anadula pamtengo wa pakhomo pa mayi ake, anailera yekha. Munthu wina anamuthyolera nthambi imodzi yokha, mpaka lero samulankhula."

Nde Ramla atani? Jane anadzuka, analowa pakati pa machubu a bambo ake, anabwera atanyamula haibisikasi wina, msinkhu womwewo, masamba onyezimira, timitu ta maluwa tonenepa kale. Anati akabzale pamalo pomwepo, palibe adzadziwe, masiku ochepa lichita duwa, ankhoswe abwere, nkhani ya feterezayo adzaulule ali m'nyumba ana atabadwa, azidzaseka.

Ramla anafunsa ngati ndi mtundu womwewo.

"Masambawa simukuwaona? Ndi amodzi."

Ndalama anakana. Anati akazi timathandizana. Anamukulungira bwinobwino m'thumba, anamuperekeza mpaka pokwerera minibasi, n'kumubayibitsa ndi kapusi ya Jamali. Ramla wathu m'minibasi ankadziimba mlandu kuti anamuganizira zoipa mtsikana wabwino chonchi. Hmmm.

*

Mawa lake m'mawa anthu onse atapita kumunda kukakonza mizere, Ramla anachotsa minga, anagwira kamtengo ka Jamali, kouma, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Anakazula, anakaponya kuseri kwa bafa komwe sikupita munthu. Anachotsa dothi lonse la feterezalo, anathira lina, anabzala mbande ya Jane, anabwezera udzu ndi minga monga mmene zinalili.

Mayi ake pobwera anaima, khasu lili paphewa. Anayang'ana masamba obiriwirawo, anayang'ana mwana wawo. Anangoti kamtengo aka kachira msanga bwanji, kuposa munthu wobayitsa jakisoni, n'kulowa m'nyumba.

Chithunzi chatsopano chinapita ku Liwonde, chojambulidwa chapatali dala. Jamali anaimba pompo, mawu ake akuvina. Anati timitu tikafika pamenepo ndiye kuti kwatsala pang'ono, ndipo popeza duwa la haibisikasi limakhala tsiku limodzi lokha n'kufota, Ramla akangoona kamutu kayamba kumasuka amuuze, iye adzalawire kuti atsibweni adzalione lili lotseguka iye ali pomwepo. Anati wagula kale malaya. Ramla anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kouma, ndipo za ulendo wa ku Liwonde sanatchule.

Loweruka madzulo kamutu kamodzi kanayamba kumasuka. Ramla anamuuza Jamali kuti abwere mawa. Atatha kutumiza anawerama kuti aonetsetse, ndipo kunsonga kwa kamutuko kunkaoneka kachikasu. Anatikita m'maso. Kachikasu ndithu. Koma anadzitonthoza ndi nzeru za pabenchi yake. Tomato amayamba wobiriwira, kenako wachikasu, kenako wofiira. Nanga duwa lingasiyane pati? Pofika mawa likhala litapsa.

Kkkkk Ramla iwe.

*

Kunacha kuli mitambo yolemera, mphepo ili zii. Ramla anatuluka mpango uli m'manja, anathamangira kumbali kwa nyumba, ndipo analipeza. Lotseguka, lalikulu, lokongola zedi. Lachikasu ngati yolki ya dzira.

Anaimbira Jamali, foni sinayankhidwe, kenako meseji inalowa yoti wadutsa kale Balaka, phokoso lachuluka m'minibasi. Anaganiza zolithothola anene kuti mbuzi yadya. Anatambasula dzanja, kumbuyo kwake kunamveka kutsokomola. Che Sabiti, jekete ili pathupi, mpando uli m'manja. Mayi ake anali atawauza kuti mlendo akubwera. Anakhala pansi pafupi ndi minga, anayang'ana duwalo nkhope itakwinyika, n'kunena kuti kodi phokoso lonseli linali la duwa la therere? Anthu oyandikana nawo anayamba kubwera mmodzimmodzi, azimayi akuti mashallah, atsikana akutsinana.

Ramla anapita kukhitchini, anabwerako. Anatenga tsache, analisiya. Analemba meseji yaitali yofotokoza zonse, anaifufuta. Analembanso, "Ukafika ungovomera chilichonse," n'kutumiza. Sinawerengedwe.

Jamali anatulukira kuchokera kumsewu atavala malaya oyera atsopano, mizere ya mushopu ikuonekabe, akumwetulira mpaka m'makutu. Anapereka salamu, anagwada kupatsa moni atsibweni ndi mayi. Kenako anatembenuka kuti aone duwa lake.

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta.

Che Sabiti anakonza kukhosi. Anati iwo ndi munthu wa mawu amodzi, duwa lachita, mvula sinagwe, anthu ndi mboni. Koma pali chimodzi chikuwavuta. Masiku apitawa kamtengo aka anakaona ndi maso awo katapsa ngati kawauka ndi moto, lero kali ndi masamba ngati ka m'dimba.

"Nde ndikufunseni pamaso pa anthuwa, Che Jamali. Uwu ndi mtengo womwe munabzala ndi manja anu?"

Atsibweni sankadziwa za mtundu wa duwa. Pa anthu onse anali pamenepo palibe ankadziwa kupatula Ramla ndi Jamali. Ramla anamuyang'ana Jamali ndi maso onse, akupempha, milomo ikuyenda popanda mawu. Kungoti eya basi. Kamawu kamodzi, ankhoswe abwere, Sidik akhale ndi galimoto yake. Jamali anawerama, anagwira tsamba limodzi, analitembenuza, anayang'ana patsinde pomwe dothi linali lachilendo. Kutali kunagunda.

"Iyayi. Langa ndi lofiira."

Azimayi aja anangoti kukamwa yasa. Mayi ake a Ramla anakhala pansi pomwe anaimapo. Jamali sanayang'ane wina aliyense koma Ramla, ndipo anamufunsa motsitsa mawu kuti lake lili kuti. Ramla anayamba kufotokoza zonse nthawi imodzi, mitambo, fetereza, mantha, mawu akupunthwana, dzanja likuloza kuseri kwa bafa.

Jamali anapita komweko ndi malaya ake oyera. Anabwerako atanyamula kamtengo kaja, mizu ili lende, matope akudontha. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, anamuonetsa Ramla. Mkati munali mobiriwira.

"Kanali kasanafe. Ukanandiuza tsiku lomwelo, kankangofuna madzi ambiri kuti feterezayo atsukike." Anapuma kaye. "Dzulo Jane anandiuza kuti unabwera ku Liwonde, unati langa ndi lonyozeka ukufuna lina labwino. Ndinamukalipira pamaso pa makasitomala. Ndinati Ramla sangandibisire kanthu."

Ramla anafuna kukuwa kuti ndi bodza, Jane ndi amene anamunyengerera, koma ayambira pati, poti ku Liwonde anapitadi, kubisa anabisadi, ndipo duwa la Jane linali pomwepo likugwedera ndi kamphepo pamaso pa mudzi wonse.

Che Sabiti anadzuka, anapinda mpando wawo mosafulumira. Anati mnyamatayu ndi woona mtima, zimenezo amuyamikira, koma pangano linali la mtengo umene unabzalidwa apa, ndipo mtengowo wazulidwa ndi mwini khomo yemwe. Anauza mlongo wawo kuti Lachisanu akatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma, anthu a kwa Sidik abwera kudzakhala pansi za ukwati, akonze mpunga.

Jamali anatsanzika mwaulemu, kwa atsibweni, kwa mayi. Kwa Ramla sanatero. Anakulunga mizu ya kamtengo kake ndi pepala la pulasitiki limene anatola pansi, anakakumbatira pa malaya atsopano aja, n'kumapita kumsewu.

Ramla anathamangira m'nyumba, anatenga foni, anatuluka mpaka pa benchi yake ya tomato pomwe ankamuona bwinobwino ataima kutsidya kwa msewu. Anaimba. Anamuona akupisa m'thumba, akutulutsa foni, akuyang'ana dzina lomwe likuwala pamenepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, mpaka minibasi inaima patsogolo pake.

Kenako anaibwezera m'thumba ikulirabe, n'kukwera.